Lachitatu Masana, Kuseri kwa Fiyeta

Kalasi yathu ndi chipinda chosinthiramo zovala:
mabenchi awiri, ndowa ya magolovesi otha ntchito,
laputopu yobwereka ku ofesi ya malipiro
imene batire lake limafa tiyi asanazizire.
Ophunzira asanu, maso psuu ndi ntchito ya usiku,
ndi ine, amene ndang'amba mimba zaka makumi awiri
koma nzeru za makinazi ndazidziwa chaka chathachi,
mwana wanga akundiseka polemba ndi chala chimodzi.

Ndinati kwa Tisaine: lemba.
Mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, wa ku Kanyama,
thupi lotentha sabata ziwiri, mimba gwaa ngati thabwa.
Dzina lake usalembe.
Dzinalo ndi la mayi ake
amene ayala chitenje pakhonde la wodi,
si lathu loti tiponye m'chitsime chosaoneka pansi.

Makina anayankha tisanaphethire,
Chingerezi chosalala ngati cha pa wailesi.
Akuti: mujambuleni ndi sikani yaikulu.
Tinaseka mpaka Zelipa anatsamwa.
Sikani yathu yavala nsalu kuyambira mvula isanagwe;
ina ili kutsidya kwa tauni,
minibasi ziwiri ndi ndalama
zimene mayi uja sanazionepo pamodzi.

Anatchula matenda asanu.
Taifodi inafika kumapeto
ngati wachibale wobwera maliro ataikidwa kale.
Ndinafunsa: chifukwa chiyani?
Masauso, amene mawu ake ndi ogula,
anayang'ana nsapato zake, nati:
Mwina sanamwepo madzi a kwathu zimbudzi zitasefukira.

Ndinatseka kope langa. Ndikanawonjezanso chiyani?
Chinthuchi chinayamwa mabuku a eni ake,
chinakulira m'zipatala zimene magetsi sathima.
Sichinama dala.
Kungoti liwu lake ndi limodzimodzi
pamene chikudziwa ndi pamene chikulota.
Choncho chifunseni chinamva kwa yani.
Chikatchula buku, kalifunefuneni.
Zelipa anasaka lina usiku wonse:
wolemba, chaka, tsamba, zonse zilipo,
buku lokhalo ndiye silinabadwe.

Madzulo amenewo jenereta inatsokomola kawiri isanavomere.
Tinatsegula mnyamata uja.
Kabowo m'matumbo, kochepa ngati njere ya mapira.
Tisaine anasoka, dzanja silinanjenjemere,
ndipo foni yake inali m'thumba la jekete, panja,
chete.

Koma ndisakunamizeni
kuti nkhaniyi imathera pondikomera.

Patapita sabata, tambala asanalire,
ndinalembera mankhwala bambo wina wowotcherera zitsulo ku Matero,
impso zake zotopa kuposa ine.
Ndili m'kati mosamba m'manja, Lekani anagogoda.
Adokotala, makina akuti mlingowu wachuluka.
Makutu anga anatentha.
Zaka makumi awiri zinaimirira m'chifuwa mwanga
kufuna kuyankha zokha.
Ndinatenga cholembera, ndi kuwerengetsa kuseri kwa fomu.
Unalidi wochuluka.

Popereka fomuyo ndinaona chikhatho chake:
manambala a inki yabuluu, ofufutika ndi thukuta.
Anali atawerengetsa yekha, kawiri,
asanakhulupirire foni,
asanandikayikire ine,
asanagogode.

Sindinamuyamike bwino. Ndinangoti: kasinthe.
Ndi mmene ifenso anatilerera, ndipo sindinyadira.

Kutacha, ndili pa mzere wa magalimoto mu msewu wa Lumumba,
wogulitsa machaja akugogoda pa galasi,
ndinalemba pa risiti ya mafuta
mutu wa Lachitatu likubwerali:
ndidzayamba ndi fomu yanga ija,
dzina la wodwala nditaliphimba ndi pulasitala,
langa lokha likuoneka.